Telala Msulu ndi Zovala za Agalu a Uzimba

Padangokhala, kale lomwe lija agalu asanadziwe khonde la munthu, iwo ankalima okha. Adali ndi munda wa chinangwa, ndipo chinangwacho chidachita bwino. Koma eni ake asanalaweko n'komwe, Nguluwe adayamba kuwakumbira. Sankabisala ayi. Ankabwera dzuwa lili pamutu, n'kumadya chogona, akung'ung'uza kanyimbo.

Mkulu wa agalu adali Kapitawo Phulusa, galu wa chifuwa chotambalala ndi mawu onga bingu. Uzimba uliwonse iye ankautsogolera ali kumbuyo. Wachiwiri wake adali Nduna Khutulimodzi, amene khutu linalo adalisiya m'kamwa mwa Nguluwe chaka chinacho. Padalinso Namsongole, galu wamkazi wowonda, mayi wa ana asanu, wosakonda zolankhulalankhula.

Kasanu konse agalu adamuchitira uzimba Nguluwe, ndipo kasanu konse adabwerako akutsimphina. Mano a Nguluwe adali okhota ngati zikwakwa. Akangopukusa mutu kamodzi, galu wang'ambika pachifuwa.

Tsiku lina akuchokera kokalephera kachisanu ndi chimodzi, njala ili m'mimba, Kapitawo Phulusa adaima pa chulu china n'kununkhiza.

"Muno muli msulu," adatero. "Nguluwe watikanika, koma ndiwo sizinatikanike. Kumbani!"

M'chulumo munkakhaladi Msulu ndi mkazi wake Nangondo. Adali ndi ana anayi ongobadwa kumene, maso asanatsegule, ndipo khomo la chulucho lidali limodzi lokha. Dothi litayamba kuwagwera pamutu, Nangondo adafungatira anawo n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a ana, tatha."

"Sitinathe. Ndipatse luzi lija."

Msulu adakoleka luzi m'khosi, n'kutsomeka munga wa mthethe kuseri kwa khutu, n'kutuluka akuomba m'manja.

"Takulandirani, mabwana! Imani pamzere, musakankhane. Aliyense ndimuyesa, wotsala palibe."

Agalu adaleka kukumba. "Utiyesa chiyani?" adafunsa Kapitawo.

"Aa! Kodi simunabwere kwa telala? Ine ndimayesa mwamva mbiri yanga. Taonani zifuwa zanuzo, mabala okhaokha. Mumapita bwanji kwa Nguluwe osavala?"

"Iwe ndiwe telala?"

"Bwana, Fulu mumamudziwa? Chigoba chija adamusokera ndani? Nanga Ngaka, mamba aja? Ndi manja anga omwewa. Mudamuonapo Fulu ali ndi bala pachifuwa?"

Agalu adayang'anana. Palibe amene adamuonapo Fulu ali ndi bala pachifuwa. Chimene sankadziwa n'chakuti chibadwire Msulu adali asanasokepo ngakhale thumba la fodya.

"Chabwino," adatero Kapitawo. "Utisokere chovala choti mano a Nguluwe asamalowe. Koma pa chulu pano tisiya mlonda. Chovalacho chikakanika, tidya telala, mkazi wa telala, ndi ulusi womwe."

"Zomveka, bwana. Ndilowe kaye ndikatenge zipangizo."

Atalowa adanong'oneza mkazi wake. "Nangondo, kumba njira ya kuseri, ikatulukire pansi pa thanthwe lija. Ikatha, usamutse ana mmodzimmodzi."

"Ndi makutu a agaluwa? Ndikangokanda dothi amva."

"Ukamva ndayamba nyimbo, kumba. Ikatha, leka."

M'mawa mwake agalu onse adafika kudzayesedwa. Msulu adati telala weniweni sayesa popanda nyimbo, chifukwa ulusi umachita ulesi. Adakulunga luzi pachifuwa cha Kapitawo n'kuyamba kuimba. Idali nyimbo ya changu, yonyamula miyendo yokha. Ankatamanda khosi, chifuwa ndi nthiti za amene akumuyesayo, kenako n'kulangiza singano kuti idzere kuseri, isathamange, ndipo inyamule mabatani limodzilimodzi. Akafika pa mabatanipo agalu onse ankavomera ndi mawu aakulu, n'kuponda pansi katatu, di! di! di! Nyimbo idawakomera. Adavina mpaka fumbi koboo, michira ili m'mwamba. Pansi pa mapazi awo Nangondo adali kalikiliki kukumba.

Nyimbo itatha Msulu adafunsa, "Tsono bwana, mukufuna chovala chotani?"

"Chopepuka," adatero Kapitawo. "Galu ndi liwiro."

"Mwasankha ngati mfumu ya agalu onse."

Msulu adathyola kholowa wambiri, masamba a mbatata anthete obiriwira, n'kuwalumikiza ndi luzi. Adakongoletsa m'khosi ndi makoko a chinangwa.

"Valani, bwana."

Kapitawo adatsokomola. "Mkulu sayamba kuvala. Nduna, vala."

Khutulimodzi adavala, n'kuzungulira kawiri. "Chikupepuka zedi! Ngati sindinavale kanthu!"

Adapita kumunda. Adapeza Nguluwe ali chagada, chinangwa chili kukamwa. Khutulimodzi adatulutsa chifuwa n'kuuwa. Nguluwe adadzuka, n'kununkhiza, maso ake n'kuwala.

"Koma agalu inu mwayamba ulemu," adatero. "Lero mwandibweretsera ndiwo?"

Adamuthamangitsa Khutulimodzi munda wonse, akumudya chovala ali pa liwiro. Adayamba ndi kumsana, n'kubwera m'nthiti, n'kumalizira makoko a m'khosi aja. Atatha adamunyambita khutu lotsala lija, n'kunena kuti mawa abwere nazo zothira nsinjiro.

Agalu adabwerera ku chulu ali lunguu ndi mkwiyo.

"Telala, tuluka tikudye!"

Msulu adatuluka akupukusa mutu. "Nduna yavulala pati?"

Adamuyang'ana Khutulimodzi mbali zonse. Adalibe bala ngakhale limodzi.

"Mwaona? Mano sanalowe. Chovala chagwira ntchito yake, kungoti chatha msanga. Koma amene anasankha chopepuka ndi ine kodi?"

Kapitawo adakanda pansi. "Mawa usoke cholimba. Cholimba kwambiri!"

Kutacha nyimbo idayambanso. Ulendo uno Msulu adaonjezera ndime yotamanda mchira wa Kapitawo, ndipo Kapitawo adalamula kuti ndime imeneyo aibwereze kanayi. Singano idauzidwanso kudzera kuseri, agalu adavomeranso za mabatani, n'kuponda pansi mpaka chulu kunjenjemera. Nangondo adakumba mpaka zala kuwawa.

Msulu adagubuduza mtondo wakale wobooka kunsi umene udatayidwa kudzala. "Ichi ndiye cholimba, bwana. Misi yakhala ikuchimenya zaka makumi awiri, chili chomwecho."

"Nduna, vala."

Adamulowetsa Khutulimodzi mumtondomo, mutu kutulukira uku, mchira kutulukira uko. Miyendo yokha ndiyo idasowa potulukira.

"Nanga ndiyenda bwanji?"

"Munthu wovala chovala chotere sayenda," adatero Msulu. "Amanyamulidwa."

Agalu anayi adamusenza mpaka kumunda. Pofika kumeneko onse adali wefuwefu, ndipo mwini chovala lilime lidali panja ndi kutentha. Adamutula patsogolo pa Nguluwe n'kubwerera m'mbuyo. Khutulimodzi adauwa, mawu ake n'kumveka ngati akuchokera m'chitsime.

Nguluwe adazungulira mtondo uja. Adaugogoda ndi dzino, go! go! Adasuzumira mbali ya kumutu.

"Muli bwanji m'menemo, achimwene?"

"Ndikuluma!"

"Bwerani mundilume."

Kenako adaukankha pang'ono ndi mphuno. Mtondo udagubuduka. Nguluwe adaseka, n'kuukankhanso. Adasewera nawo munda wonse ngati mwana wapeza dzungu, ndipo atatopa adaumenya kamodzi kwamphamvu. Mtondo udapita gubudu gubudu gubudu, Nduna ikulira m'kati, mpaka thibu! m'chithaphwi. Anzake atamusolola, Khutulimodzi adayenda chozungulira ngati woledzera, n'kupereka moni kwa chitsa.

"Telala, lero lokha tikudya!"

"Nduna yavulala pati?"

Adalibenso bala.

"Mano sanalowe," adatero Msulu. "Kawiri tsopano. Koma bwana, chopepuka munasankha ndinu, cholimba munasankha ndinu. Ine ndimangosoka."

Kapitawo adaganiza mpaka makutu kugwa. "Vuto ndi lakuti Nguluwe sakutiopa. Usoke choopsa. Akangochiona athawe."

"Ha! Nzeru zimenezi mumazitenga kuti, bwana?"

Tsiku lachitatu agalu adafika akuimba okha nyimbo ija asanauzidwe. Msulu adaikoka, n'kuikoka, akuyesa galu aliyense kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ena kawiri. Pa ndime ya singano adaonjezera mawu oifunsa ngati yatulukira kuseri kwa nsalu. Ali m'kati moimba adamva kukanda katatu pansi pa phazi lake. Njira idatha. Msulu adalumpha m'mwamba ndi chimwemwe, agalu n'kumayesa ndi kavinidwe katsopano, onse n'kuyamba kulumpha. Mmene ankalumphamo Nangondo adasamutsa ana atatu. Wachinayi nyimbo idamuthera.

Chovala cha tsikulo chidali cha minga ya Nungu, imene Msulu adatola pakhomo pa mwini wakeyo. Adaisomeka pa chiguduli, nsonga zonse kuloza kunja.

"Nduna, vala."

Khutulimodzi adavala n'kukhala ngati chitsamba choyenda. Anzake adamusirira. Koma ali panjira, aliyense womuyandikira ankalira. Wina adalasidwa paphewa, wina pamphuno, ndipo Kapitawo, amene ankayenda kumbuyo monga mwa masiku onse, adalasidwa pamene Nduna idaima mwadzidzidzi kuti ikande utitiri. Pofika kumunda agalu asanu adali atavulala kale, Nguluwe asanawaone n'komwe.

Nguluwe adali tsonga pansi pa nthochi. Khutulimodzi adathamanga, n'kudumpha ndi mphamvu zake zonse. Nguluwe adangowerama. Nduna idapitirira pamwamba pake n'kukazikika pa thunthu la nthochi, tswii! Idatsala ili lende, miyendo ikupalasa mphepo.

Nguluwe adayang'ana m'mwamba. "Chaka chino nthochi zabereka agalu," adatero, n'kupitiriza kudya.

Madzulo a tsikulo, atamuzula pa nthochi paja, Khutulimodzi adagwada pamaso pa Kapitawo.

"Bwana, unduna ndautula. Mupatseni wina. Ndadyedwa, ndagubuduzidwa, ndapachikidwa. Mawa muvale ndinu."

Agalu onse adavomereza. Kapitawo adayang'ana uku ndi uku, koma wothawirako padalibe. Mkwiyo wake wonse udagwera pa Msulu.

"Mawa usoke ziwiri, ndisankhe ndekha. Chimene ndisankhecho chikakanika, sindifunsanso za mabala. Ndikumeza ndi luzi lako lomwelo. Namsongole, londera chulu."

Ena onse atapita, Namsongole adagona pakhomo pa chulu, mutu pa miyendo. Kenako adalankhula osatsegula maso.

"Telala."

"Wawa, mayi."

"Mabatani aja atsala angati?"

Munga udagwa kukhutu kwa Msulu. Adayesa kuseka.

"Mabatani ake ati, mayi?"

"Usandipusitse. Ine ndine ntchembere. Kulira kwa mwana wosatsegula maso ndimakumva ngakhale kuli pansi pa nthaka. Dzana anali anayi. Lero ndikumva mmodzi."

Msulu adagwa chafufumimba. "Latsala limodzi, mayi. Kamkazi, kochepetsetsa. Idyani ine, koma kameneko kasiyeni."

"Ndikadye kuti ndikhute chiyani? Dzuka. Mayi wake akatenge pompano, ine ndikuyang'ana kumbali. Koma tamvera. Anzanga aja amavina, ine ndili ndi ana asanu, ndipo chinangwa chikatha afa ndi njala. Amene amafika pafupi ndi Nguluwe ndine. Undisokere chovala chenicheni."

"Mayi, ndinene zoona. Ine kusoka sindidziwa."

"Ndinaona tsiku loyamba lomwe. Singano umaigwira ngati mpini. Koma mano a Nguluwe ndimawadziwa ine, ndipo zala uli nazo ndiwe. Ndikuuza, iwe uzichita."

Namsongole adaimirira n'kumuonetsa zipsera zake. "Amamenya apa, pakhosi. Apa, pachifuwa. Ndi apa, pansi pa mimba. Pamenepa pakhale pochindikala. Kumsana safikako, usandisenzetse katundu. M'khwapa musiye mpata kuti miyendo izitambasuka. Chisathine, ndizipuma. Chisakhwepe, dzino lingakolemo. Ndipo chikhale choti ndikatentha ndivule msanga."

Nangondo, atasamutsa mwana wotsala uja, adatulukira ali dothi lokhalokha. Atamva nkhaniyo adati, "Chimenecho ndi chiwondo, nsalu ya khungwa la mombo. Mayi anga ankasula. Bambo a ana, kasendeni khungwa, ine ndikusulireni. Ndipo singanoyo bweretsani kuno musanadzibaye nayo."

Adagwira ntchito atatuwo mpaka dzuwa kulowa, n'kupitiriza m'mamawa. Nangondo adasula khungwa mpaka kufewa. Adalipinda kasanu pachifuwa ndi pakhosi, katatu pamimba, kamodzi kumsana. Msulu adayesa ndi luzi, ulendo uno moona, ndipo Namsongole ankavala, n'kuthamanga kuzungulira chulu, n'kubwera kudzanena pamene pakumukhula. Chitatha chidali chofiirira, chosaoneka bwino, ngati chikopa cha mbuzi yokalamba.

"Nanga chachiwiri chija?" adafunsa Namsongole. "Kapitawo akasankha changachi?"

"Zimenezo ndisiyireni ine, mayi. Kusoka sindidziwa, koma Kapitawo ndimamudziwa."

Agalu atafika adapeza zovala ziwiri zili pa chitsa. China chidali chofiirira chija. Chinacho, mayo ine! Nthenga za nkhanga mizeremizere, mikanda yofiira m'khosi, maseche m'mphepete monse, ndi nthenga ya tambala yoima njo pamsana. Nthengazo Msulu adazimata ndi masese a mowa amene adakapempha kwa Nyani wofulula.

Nyimbo idaimbidwa mwachidule tsiku limenelo, ndipo ndime ya mabatani Msulu adaidumpha. Agalu adadandaula kuti waichotsa pokoma.

"Sankhani, bwana," adatero Msulu. "Ichi chofiirirachi n'cholimba, n'chopepuka, chimateteza khosi, chifuwa ndi mimba. Ndikanakhala inu ndikanatenga chimenechi. Ndikunena pamaso pa onse."

"Chiguduli chimenecho? Ukufuna Nguluwe andiyese wantchito? Nanga ichi?"

"Icho n'chongokongola, bwana. Ndinasokera mafumu oyenda kumbuyo."

"Ndiye changa chimenecho!"

Adavala. Atagwedeza thupi maseche adalira, tseche tseche tseche. Agalu adakuwa ndi kusirira. Kapitawo adanunkhiza paphewa pake.

"Chikununkhiranso bwino. N'chiyani?"

"Mafuta a akuluakulu, bwana."

"Chiguduli icho mupatseni Namsongole, chikumuyenera."

Adanyamuka, Kapitawo ali kumbuyo, akuyenda monyang'wa kuti maseche amveke. Nguluwe adawamva akadali kutali. Adadzuka, n'kukweza mphuno m'mwamba. Adanunkhiza kamodzi, kawiri. Malovu adayamba kuchucha.

"Ndani wafulula?" adakuwa. "Ndani wafulula osandiitana?"

Adabwera ngati mwala wogubuduka. Adadutsa agalu akutsogolo osawayang'ana, adadutsa apakati, n'kulunjika kumbuyo kwenikweni kumene kunkachokera fungolo. Kapitawo adatembenuka n'kuliyatsa liwiro. Tseche tseche tseche! Adabisala m'chinangwa, maseche adamuulula. Adabisala kuseri kwa chitsa, nthenga ya tambala idaonekera. Adazungulira munda katatu, Nguluwe ali pambuyo pake, agalu ali pambuyo pa Nguluwe.

"Taonani!" adakuwa Khutulimodzi akugwa ndi phwete. "Lero a Kapitawo atsogolera uzimba ali patsogolo!"

Potsiriza Nguluwe adamupeza, n'kumugwetsa chagada, n'kumupanikiza ndi mwendo umodzi. Adayamba kunyambita masese. Adanyambita pachifuwa, n'kunyambita m'nthiti, n'kulowetsa mphuno m'khwapa. Nthenga zidali mbwee m'mwamba. Kapitawo adali ndi manyerenyesi oopsa.

"Hi hi hi! Ndithandizeni! Ha ha ha! Ndikufa ine! Osati m'khwapamo! Hi hi! Agalu anga, mulumeni!"

Agalu sadathe kuluma. Onse adali pansi, akugubuduka ndi kuseka. Koma masese adayamba kutha, ndipo Nguluwe, pofuna otsalira m'kati mwa mikanda, adayamba kufukula ndi mano pafupi ndi khosi. Kuseka kwa Kapitawo kudasanduka kulira kwenikweni.

Pamenepo Namsongole adafika. Adaima maso ndi maso ndi Nguluwe n'kuuwa kamodzi.

"Iwenso wabwera ndi chiyani?" adafunsa Nguluwe. Adanunkhiza chiwondo chija n'kulavula. "Ichi sichidyeka. Choka!"

Adapukusa mutu n'kumumenya ndi dzino pachifuwa penipeni, phu! Namsongole adauluka n'kukagwa chapatali. Kenako adadzuka, n'kudzikung'untha fumbi, n'kuyang'ana pachifuwa pake. Dzino lidang'amba mapindo awiri, atatu adatsala.

Nguluwe adadabwa. Adamumenyanso pakhosi, phu! Namsongole adadzandira, osagwa. Adamumenya pansi pa mimba, phu! Ndipo Nguluwe asanabweze mutu, Namsongole adazungulira mwachangu, poti miyendo yake idali yomasuka, n'kumuluma pa thako, n'kukakamira pomwepo.

"Mayooo!" adalira Nguluwe. "Kumeneko ayi! Nkhondo timamenyera kutsogolo!"

Adazungulira, Namsongole ali lende. Adadumpha, Namsongole ali pomwepo. Agalu ena ataona zimenezo mantha adawathera, onse n'kuthamangira mbali yomweyo yopanda mano. Nguluwe adathawa, mchira uli njo, osayang'ananso chinangwa.

Tsiku lomwelo agalu adamuika Namsongole kukhala Kapitawo. Phulusa adayesa kunena kuti zonsezo adakonza ndi iye, kuti adadzipereka dala ngati nyambo, koma ankalankhula nthenga ya nkhanga ili pamphuno, ndipo palibe adamumvera. Lamulo loyamba la Namsongole lidali lakuti chulu chokhala msulu chisakumbidwenso. Lachiwiri lidali lakuti galu aliyense akayesedwe payekha, chifukwa chifuwa cha wina si cha mnzake. Nangondo ndiye ankasoka, Msulu n'kumalandira alendo ndi kulandira matamando.

Patapita masiku anayi, Msulu ali pakhomo pa nyumba yake yatsopano pansi pa thanthwe, ana ake atatsegula maso, adamva kupuma kwamphamvu kumbuyo kwake. Atacheuka adaona mano awiri okhota.

"Ndiwe telala wa agalu?" adafunsa Nguluwe.

Msulu adayang'ana khomo. Lidali kutali. "Ndine, bwana. Ngakhale chigoba cha Fulu ndinasoka ndine."

Nguluwe adayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Masiku anayi sindinakhale pansi. Ndikufuna kabudula."

"Kabudula?"

"Wolimba. Woti mano a galu asamalowe. Ukakana, thanthwe lakoli ndiligubuduza, ndipo udziwa kuti kugubuduza ndimatha."

Msulu adaganiza msanga. Akasoka, agalu adzati wawagulitsa. Akakana, nyumba yapita. Adazungulira Nguluwe pang'onopang'ono, akuyang'ana mbali yolumidwayo ngati katswiri, akudina lilime.

"Bwana, thupi ngati ili si la chiwondo. Chiwondo n'cha agalu, anthu owonda. Inu mukufunika nsalu yosasoka, yongothira pathupi n'kugwira yokha."

"Iliko nsalu yotero?"

"Iliko, koma ndimauza akuluakulu okhaokha. Mukapeze matope akuda. Mugonemo chagada, mutembenuke kumanja, mutembenuke kumanzere, mukhalemo tsonga katatu. Mukatero mukaime padzuwa osagwedezeka mpaka aume. Kabudula, malaya ndi chipewa, zonse nthawi imodzi. Galu akaluma, adzangodya dothi."

"Akang'ambika?"

"Mukavala wina. Nsalu yake siitha."

Maso a Nguluwe adawala. "Pafupi ndi munda wa chinangwa pali chithaphwi. Ndipita pompano."

"Ayi, ayi, bwana! Matope a pamenepo ndi osalimba, amasuluka. Mukufuna anthu akusekeni? Enieni ali kutsidya kwa mitsinje itatu. Ndipo kabudula ameneyu safuna kuyenda naye mtunda wautali, amasweka m'maondo. Muzikhala komweko, kufupi ndi sitolo ya nsaluyo."

Nguluwe adathokoza kwambiri. Adafukula chitsa chowola n'kumusiyira Msulu mphutsi zonona zodzaza lichero, n'kunyamuka ulendo wa kutsidya kwa mitsinje itatu. Atafika adagona m'matope, adatembenuka kumanja, adatembenuka kumanzere, adakhala tsonga katatu, n'kuima padzuwa tsiku lonse ngati chitsa. Matope atauma adayamba kuyenda pang'onopang'ono, miyendo ili tang'a, akuimitsa aliyense wokumana naye.

"Achimwene a Fulu, taimani. Wandikhala bwanji kabudulayu?"

Fulu adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira. "Mwagwera m'matope kodi?"

"Nsanje!" adatero Nguluwe. "Chikhalirecho tinasoketsa kwa telala mmodzi!"

Mpaka lero Nguluwe sadutsa matope osayesako kabudula watsopano.

Nthano yanga ndasokera pamenepa, ulusi wandithera.